Phiri lapita kuti? Kuunika kuwala ndi kasanjidwe m'zithunzi za nyanja ndi mapiri a ku Mangochi

Mwana wa mlongo wanga anafika kunyumba Loweruka lina madzulo atagwira foni ndi manja awiri ngati wanyamula mbale yodzaza msuzi. Anali atachokera ku Nkopola komwe anakacheza ndi anzake, ndipo sanadikire n'komwe kuti ndimalize kumulonjera. "Malume, taonani ichi. Pa Facebook anthu achikonda osati masewera." Ndinachiyang'ana. Mchenga unalipo, madzi analipo, thambo linadzaza theka lonse la kumwamba, ndipo pakati penipeni panadutsa kamzere kotuwa, kopyapyala ngati ulusi. Ndinamufunsa kuti kamzereko n'kachiyani. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Si mapiri a kutsidya aja, malume? Ndi amene ndimajambulawo. Anali aakulu zedi."

Sananame mnyamatayo. Aliyense amene anaimapo pagombe limene lija amadziwa kuti mapiri a kutsidya, a cha ku Namizimu, amadzaza maso. Koma m'chithunzi chake munalibe mapiri. Ndipo mwa onse amene analemba kuti "zokongola" kapena "Malawi wathu wokoma", panalibe ndi mmodzi yemwe womuuza kuti chimene ankafuna kutionetsa chatsala kunyanja konko.

Apa ndi pamene pagona vuto la zithunzi za kwathu kuno. Mangochi ndi wokongola kale popanda wojambula. Mukhoza kutsinzina, kuloza foni ku chilumba cha Thumbi kapena cha Domwe n'kudina, chotulukacho anthu achiwombera m'manja. Koma amene akuwomberedwa m'manjayo ndi Namalenga, osati inu. Kuunika chithunzi ndi kulekanitsa ziwirizi: kukongola kumene malowo anali nako kale, ndi zimene wojambula anasankha yekha. Zosankhazo si zambiri. Amasankha nthawi yofika pamalopo, amasankha poponda, amasankha zolowa m'chithunzi ndi zotsala kunja. Choyambacho ndi nkhani ya kuwala, zinazo ndi nkhani ya kasanjidwe. Mtundu wa kamera, umene anthu amakonda kuyambira pofunsa, umabwera kumapeto kwenikweni.

Dzuwa linali kuti?

Mukapatsidwa chithunzi cha phiri kuti munenepo maganizo, musathamangire mitundu. Funani kaye mthunzi. Mthunzi ndi umene umaulula kumene dzuwa linali, ndipo ndi umene umapatsa phiri thupi. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa wojambula, chilichonse chimawala mofanana, mithunzi imabisala kuseri kwa miyala, phiri n'kuoneka lafulati ngati lopentedwa pakhoma la golosale. Likakhala chammbali, khwawa lililonse limada, msana uliwonse umawala, ndipo miyala ikuluikulu ya ku Otter Point kapena ya paphiri la Nkhudzi imatuluka yobulungira moti mumafuna kuikhudza. Likakhala kutsogolo, maso ndi maso ndi kamera, phiri limataya nkhope yonse n'kutsala mpangidwe wakuda wokha. Palibe mwa zitatuzi chimene chili cholakwa pachokha. Chofunsa n'chakuti kuwala kumene munthu wasankhako kukugwirizana ndi chimene akufuna kutionetsa kapena ayi. Wofuna kuonetsa ming'alu ya thanthwe koma waima moyang'ana dzuwa waphonya. Mnzake wofuna mpangidwe wa chilumba ndi bwato pamadzi onyezimira, ataima pamalo omwewo, wakhoza.

Kuno kwathu funso limeneli limayankhidwa ndi mapu. Kum'mwera kwake nyanja inagawika nthambi ziwiri, ndipo pakati pake dera la Nankumba linalowa m'madzi ngati chala. Magombe a m'mbali mwa msewu wochoka ku boma kupita ku Monkey Bay, kumene kuli Nkopola ndi malo ambiri ogona alendo, anayang'ana chakum'mawa. Kumeneko dzuwa limatulukira kuseri kwa mapiri a kutsidya, choncho m'mawa wonse mapiriwo amakhala akukuonetsani mbali yawo yamthunzi. Amadzaoneka bwino madzulo, dzuwa likapita kumbuyo kwanu n'kuyamba kuwapaka chikasu. Ku Malindi ndi ku Makanjira, tsidya linalo, zinthu zimatembenuka. Ku Chembe, ku Cape Maclear, gombe linayang'ana chakumadzulo ndi kumpoto, n'chifukwa chake zithunzi za dzuwa likulowa za kumeneko zili mbwee, pamene zoonetsa nkhope za zilumbazo zimajambulidwa m'mawa alendo akadali mtulo. Mnyamata wanga uja anajambula cha m'ma 9 koloko m'mawa akuyang'ana kum'mawa. Anaombana ndi dzuwa, mapiri n'kusungunuka.

Dzuwa silitulukiranso malo amodzi chaka chonse. Mangochi ali pa madigiri pafupifupi 14 ndi theka kum'mwera kwa ikweta. Mu Juni dzuwa limatuluka ndi kulowa mopendekera kumpoto, mu Disembala mopendekera kum'mwera, ndipo kusiyana kwake kumafika madigiri pafupifupi 48. Munthu amene anaona dzuwa likulowa pamutu penipeni pa chilumba pa Khirisimasi, akabwerera pamwala womwewo mu Julayi alipeza likulowera kwina kutali. Wounika wodziwa zimenezi samangoti "dzuwa silinakhale pabwino". Amatha kunena kuti "mudzapitenso mwezi wakuti".

Alangizi a pa intaneti, ambiri a iwo a ku Ulaya ndi ku America, amakamba za ola lagolide, nthawi imene dzuwa lili pansi ndipo kuwala kwake n'kofewa. Kwa iwo likhoza kukhaladi ola kapena kuposa, chifukwa kumeneko dzuwa limatsika chopendekera, mozengereza. Kuno limagwa pafupifupi chamutu. Limayenda madigiri 15 pa ola, ndipo kuwala kofewa kuja kumakhalapo makamaka likatsika pansi pa madigiri 6. Werengani nokha, ndi mphindi 25 basi. Tambasulani mkono n'kuimika chala chachikulu: m'lifupi mwake chimaphimba madigiri ngati awiri, amene dzuwa limawadutsa m'mphindi 8. Likangolowa, pakapita mphindi 20 ndi pang'ono mdima wayamba kugwira. Pagombe lozingidwa ndi mapiri nthawiyi imafupikanso, chifukwa phiri la kumbuyo kwanu limabisa dzuwa lisanafike pansi. Kumapeto kwa Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko, mu Juni cha m'ma 6 koloko n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5. Wodzuka 7 koloko kuti akajambule "m'mawa" amapeza ndiwo zitatha.

Chikasu ndi kufiira kwa nthawi imeneyi si matsenga. Katswiri wina wa ku Britain, Lord Rayleigh, anafotokoza mu 1871 kuti mpweya umamwaza kwambiri kuwala kwa buluu kusiyana ndi kofiira. Dzuwa likakhala pansi, kuwala kwake kumayenda mtunda wautali mumpweya, buluu amatayikira m'njira, kofika kwa ife n'kukhala kofiirira. Ojambula amayeza zimenezi m'ma Kelvin, pomwe nambala yotsika ikuimira kuwala kofiirira ndipo yokwera ikuimira kwabuluu: masana kuwala kumakhala cha pa 5,500, dzuwa likamalowa kumatsikira cha pa 3,000, pamene pamthunzi, pomwe pakuwalitsidwa ndi thambo lokha, pamakwera kupitirira 7,000. N'chifukwa chake m'chithunzi chabwino cha madzulo msana wa phiri umakhala wachikasu koma makwawa ake amakhala abuluu pang'ono. Mitundu iwiriyi ikakhalira limodzi, chithunzi chimapuma. Mukaona zonse, mithunzi yomwe, zili zofiira ngati zaviikidwa mu supu ya tomato, dziwani kuti dzanja la munthu lapitapo.

Za masana ndiyenera kuwateteza pang'ono, chifukwa anthu amawanyoza mopyola. N'zoona kuti dzuwa la paliwombo ndi mdani wa phiri. Kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi cha pa 10 Febuluwale, limadutsa pamutu penipeni moti pholo la magetsi limakhala lopanda mthunzi, ndipo phiri lopanda mthunzi ndi mulu chabe. Koma dzuwa lomwelo ndi limene limalowa m'madzi mpaka pansi. Madzi oyera mbee a m'miyala ya ku Thumbi ndi ku Mumbo, momwe nsomba za mbuna zimaoneka muli pamwamba, saoneka choncho madzulo. Chithunzi cha masana sichilephera chifukwa cha ola. Chimalephera ngati wojambula wayang'anitsa kamera ku phiri pamene chuma cha nthawi imeneyo chili kumapazi kwake.

Chapsa kapena chada

Mawu awiriwa ndi amene ojambula amauzana kawirikawiri, ndipo m'mbali mwa nyanja amabwera limodzi m'chithunzi chimodzi. Diso la munthu likayang'ana thambo limachepetsa kuwala kolowa, likatsikira ku phiri limatseguka, ndipo ubongo umalumikiza zonse ngati chinthu chimodzi. Kamera ilibe mwayi umenewo. Imatenga zonse pakamodzi. Ojambula amayeza kuwala m'ma stop, ndipo stop iliyonse ndi kuwirikiza kawiri. Makamera akuluakulu a masiku ano amakwanitsa ma stop 12 mpaka 14 kuchokera pakuda kufika poyera, koma chithunzi cha JPEG, chimene ambiri timatumizirana, chili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse. Thambo la madzulo pamwamba pa nyanja ndi phiri lamthunzi pansi pake zimatalikirana moti china chimayenera kuluza.

Choonjezera vutoli n'chakuti choyezera kuwala cha mu kamera chimafuna kuti zonse zikaphatikizidwa zifanane ndi mtundu wotuwa wapakatikati, umene ojambula amati wa 18 peresenti. Kamera ikaona mchenga woyera, madzi onyezimira ndi thambo lowala, imaganiza kuti kuwala kwachuluka, imachepetsa, phiri n'kuda bii. Mukadina pa phiri kuti liwale, thambo limapsa n'kukhala pepala loyera. Pamenepa wounika asamangoti "chada". Afunse kuti wojambula wapereka chiyani kuti apulumutse chiyani, ndipo malondawo apindula kapena ayi. Nthawi zambiri kuli bwino kuteteza zowala, chifukwa mthunzi ukhoza kukwezedwa pambuyo pake, makamaka ngati munajambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zambiri kuposa JPEG, koma mtambo umene wapsa wapita. Pafoni n'chimodzimodzi: dinani pamalo owala, kokerani kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatuluka pambalipo pansi pang'ono. Amene ali ndi histogram pa kamera, kachithunzi konga mulu koonetsa zakuda kumanzere ndi zowala kumanja, ayang'ane ngati mulu wake waunjikana kukhoma la kumanja, chizindikiro chakuti chapsa.

Ansel Adams, wojambula mapiri wa ku America, pamodzi ndi mnzake Fred Archer anakonza cha m'ma 1940 njira yogawa chithunzi m'zigawo kuyambira 0, kuda kotheratu, mpaka 10, kuyera kotheratu. Sitifunika kuloweza zonsezo. Phunziro lake n'lakuti munthu adziwiretu asanadine kuti chigawo chakuti chidzakhala chakuda motani. Kuda kosankha ndi kuda kwangozi kumasiyana, ndipo diso lozolowera limazindikira.

Utsi, mwera ndi mvula yoyamba

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, anthu akamatentha tchire ndi minda, mlengalenga mumadzaza utsi ndi fumbi. Mapiri a kutsidya amazimirira, masiku ena osaoneka n'komwe, ndipo dzuwa limalowa ngati mpira wofiira lisanafike pamadzi. Ambiri amati nyengo imeneyi siyojambulira. Ine ndimaikonda. Mukakwera msewu wa ku Chowe wopita ku Namwera n'kutembenuka kuyang'ana kumadzulo dzuwa litapendeka, mumaona mizere ya mapiri itasanjikizana, woyandikira wakuda, wotsatira wotuwa, wakutali wongotsala pang'ono kusungunuka m'thambo, Shire akunyezimira pansi. Kutuwa kumeneku ndi kumene kumauza diso kuti ichi chili pafupi, icho chili kutali. Leonardo da Vinci analemba za zimenezi zaka zoposa 500 zapitazo polangiza ojambula pamanja kuti zakutali azizipaka zotuwa ndi zabuluu. Lero mapulogalamu okonzera zithunzi ngati Lightroom ali ndi kabatani kochotsa chifunga, ndipo anthu amakakokera mpaka kumapeto. Phiri lakutali limada mofanana ndi lapafupi, mtunda wonse n'kuphwanyika kukhala khoma limodzi. Mukaona zimenezo munene, chifukwa mwini wake nthawi zambiri amaganiza kuti wakonza.

Mvula yoyamba ikagwa, mpweya umasambitsidwa. Mapiri amene anasowa miyezi itatu amabwera pafupi moti mungawerenge mitengo, ndipo mitambo ya dzinja imaponya zigamba za kuwala ndi mthunzi pamapiri, zimene palibe nyengo ina imapereka. Apa m'pofunika kudikira kuti chigamba chowala chifike pamalo oyenera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mapiri a ku Nankumba ali ndi mwayi wina: ambiri ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Akadali ndi mitengo, choncho amasintha malaya ndi nyengo, obiriwira m'dzinja, otuwa ndi miyala yoonekera m'chilimwe.

Madzi nawo ali ndi khalidwe lawo. Mukawayang'ana molunjika pansi amabweza kuwala kochepa kwambiri, pafupifupi 2 peresenti, n'chifukwa chake mumaona mchenga ndi nsomba. Mukawayang'ana mopingasa, kamera ili pafupi ndi madzi, amasanduka galasi. Wofuna kuti phiri lionekerenso m'madzi agwade kapena agone kumene, ndipo apite m'bandakucha mphepo isanadzuke. M'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Sepitembala, galasi limenelo limasowa masiku ambiri, koma mumapeza mafunde omenya miyala, amene amafuna kuti kamera ijambule mwaliwiro ngati 1/500 ya sekondi kuti aime, kapena kamera yojambula pang'onopang'ono, yokhazikika pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, kuti asalale ngati mkaka. Fyuluta ya polarizer, galasi loika kutsogolo kwa lenzi, imachotsa kunyezimira, ndipo imagwira kwambiri dzuwa likakhala chammbali mwanu. Koma pa lenzi yotambalala imadetsa thambo mbali imodzi n'kusiya chigamba chabuluu chonyansa. Pali lamulo limodzi limene chilengedwe sichiphwanya: chooneka m'madzi chimakhala chodera kuposa chenichenicho. Ngati thambo la m'madzi lawala kuposa la kumwamba, wokonza chithunzi walowerera.

Chala chimodzi chaphimba phiri

Tibwerere ku kamzere ka mnyamata uja. Lenzi yaikulu ya mafoni ambiri, kaya Tecno, itel kapena Samsung, ndi yotambalala, yofanana ndi ya mamilimita 24 mpaka 28 pa kamera yaikulu. Foni ikagonekedwa chopingasa imaona madigiri oposa 50 kuchokera pansi kufika pamwamba. Tiyerekeze phiri lokwera mamita 700 pamwamba pa madzi, lili pa mtunda wa makilomita 20. Limatenga madigiri awiri okha, chala chachikulu chija. M'chithunzi ndi gawo limodzi mwa magawo 25. Dzuwa lenilenilo ndi theka la digiri, n'chifukwa chake limatuluka ngati kadontho. Ubongo umakuza chimene mtima wakonda, lenzi ilibe mtima. Ndinamutulutsa panja mnyamatayo n'kumuuza kuti atambasule mkono aphimbe phiri la kutali ndi chala. Linasowa lonse. Anaseka, kenako anakhala chete.

Mankhwala ake alipo awiri, ndipo wounika aone kuti wojambula wasankha ati kapena wangoima pakati. Oyamba ndi kuvomereza kuti phiri likhala laling'ono, n'kupatsa kutsogolo ntchito yaikulu: bwato wogona pamchenga, ukonde woyanikidwa, thandala la usipa, muzu wa mlambe, mwala wokhala ndi mzere wosonyeza pamene madzi anafika chaka chatha. Lenzi yotambalala imakonda zapafupi, ndiye yandikirani mpaka muchite manyazi. Achiwiri ndi kubwerera m'mbuyo n'kugwiritsa ntchito lenzi yaitali. Mukatalikira bwato, iwo umachepa msanga pamene phiri, lomwe lili kutali kale, silisintha, ndiye mukakoka zonse pamodzi phiri limaima lalikulu kumbuyo kwa bwato. Anthu amati lenzi yapanikiza mtunda, koma chimene chagwira ntchito ndi mapazi. Kuzuma ndi zala pafoni yopanda lenzi yachiwiri ndi kudula chabe chithunzi chomwecho, ndipo kukapitirira kumaphwanya.

Chachiwiri choyang'ana ndi mzere umene madzi akumana ndi thambo kapena ndi tsidya. Pamtunda mukhoza kupendeka pang'ono osagwidwa. Panyanja ayi, chifukwa aliyense amadziwa kuti madzi sakhala chopendeka, ndipo digiri imodzi yokha imachititsa kuti nyanja ioneke ngati ikutayikira ku Mozambique. Koma samalani musanaweruze. Gombe la kutsidya likamabwera chokhota kuyandikira kwa inu, limaoneka lotsika mbali imodzi ngakhale kamera ili yowongoka. Poyesera pake ndi apa: nsonga ya phiri kapena mlongoti wa boti uyenera kukhala molunjika pamwamba pa chithunzithunzi chake cha m'madzi.

Mzerewo ukhale pati? Apa ndi pamene anthu amatulutsa lamulo logawa chithunzi patatu, limene dzina lake linalembedwa ndi John Thomas Smith mu 1797 pokamba za zojambula pamanja. Mafoni ali ndi timizere take. Limathandiza woyamba kumene kuti asiye kuika chilichonse pakati, koma lasanduka chibonga cha ounika aulesi. Mzere ukhoza kukhala pakati ngati phiri ndi chithunzithunzi chake ndizo nkhani. Ukhoza kutsika pansi penipeni ngati mtambo wa mvula ndiye mwini tsiku. Chokanika ndi theka la chithunzi kukhala thambo lopanda kanthu chifukwa chakuti wojambula sanaganize.

Kenako tsatirani diso lanu lomwe. Limayamba kugwera powala kwambiri, pakuthwa kwambiri, kapena pamene pali munthu. Kuchoka apo likupita kuti? Gombe lokhota likhoza kulitenga kuchokera pakona ya pansi mpaka kuphiri. Mzera wa mabwato ukhoza kuchita chimodzimodzi. Koma ngati chowala kwambiri ndi jumbo yoyera pakona, diso lipita ku jumboyo n'kutuluka. Chilumba cha Boadzulu, chimene miyala yake inayera ndi zitosi za mbalame, chimakoka maso mwamphamvu chotero moti chikakhala m'mphepete mwa chithunzi chimalanda phiri ulemu. Yendani m'mbali zonse zinayi ngati mukuyendera malire a munda: nthambi yolowa theka, mutu wa boti wodulidwa, nsonga ya mgwalangwa yokhudzana ndendende ndi msana wa phiri. Kukhudzana kotereku kumamata chapafupi ndi chakutali. Phazi limodzi kumanzere kapena kugwada pang'ono kukadalekanitsa.

Munthu m'chithunzi amapereka muyeso. Msodzi mmodzi pabwato pansi pa Domwe amauza diso kukula kwa chilumbacho kuposa mawu alionse. Koma gombe la ku Chembe si bwalo la zisudzo. Ndi pochapira, posambira, potsukira mbale. Chithunzi chikhoza kukhala ndi kuwala kwabwino ndi kasanjidwe kabwino koma chojambulidwa mwakuba, amayi akusamba, ndipo wounika ali ndi ufulu wofunsa kuti "munapempha?" Kunena kuti "Pepani bambo, ndingakujambuleni muli pabwatopo?" sikutha ndi mphindi imodzi yomwe.

Chisisira chili ndi mphatso yake imene ambiri amaiphonya chifukwa amalongedza dzuwa likangolowa. Asodzi a usipa akayatsa nyali, pamakhala kanthawi kochepa pamene thambo likadali labuluu, mapiri akuonekabe mpangidwe, ndipo nyalizo zayamba kuwala pamadzi. Mukachedwa pang'ono mutsala ndi timadontho pa nsalu yakuda.

Kunena kwake

Zokonza pambuyo sindizikana. Chithunzi chilichonse cha pafoni chakonzedwa kale ndi foniyo musanachione, makamaka HDR ikayaka, pamene imajambula zingapo n'kuziphatikiza. Choyang'ana ndi zipsera: kamzere koyera kotsatira msana wa phiri ngati laikidwa ndi lumo, mitambo yakuda ngati makala pamwamba pa gombe lowala, madzi abuluu amene Nyanja ya Malawi sinakhalepo nawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma musanaweruze kuti chithunzi n'chosathwa kapena thambo lili ndi mizeremizere, funsani kuti chadzera kuti. WhatsApp imafinya zithunzi pokhapokha zitatumizidwa ngati document, ndipo anthu ambiri adzudzulidwa chifukwa cha tchimo limene si lawo.

Inenso ndinalakwitsapo kumbali ya kalankhulidwe. Mtsikana wina amene ankaphunzira kujambula anandionetsa chithunzi cha Shire atajambulira pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo ndinamuwerengera zolakwika zisanu motsatizana ngati wapolisi wa pamsewu. Zonse zinali zoona. Sanandionetsenso china. Chimene ndinaiwala chinali kufunsa kuti ankafuna kuonetsa chiyani, chifukwa popanda yankho limenelo ndinkaunika chithunzi chimene ine ndikadajambula, osati chake. Masiku ano ndimayamba ndi kunena chimene ndikuona ndi kumene diso langa layenda, kenako chimene chagwira, kenako chinthu chimodzi, chachikulu koposa, chimene angakachite mosiyana akabwerera. "Mukadagwada" ndi "mukadadikira mphindi khumi" ndi mawu amene munthu angapite nawo kunyanja. "Chilibe moyo" sangapite nawo kulikonse.

Mnyamata uja anabwereranso ku Nkopola mu Disembala, mvula itagwa usiku wathunthu. Anafika dzuwa litapendeka, anabwerera m'mbuyo mpaka pansi pa mitengo, anabwereka foni ya mnzake yokhala ndi lenzi yaitali. M'chithunzi chatsopanocho mapiri anatenga pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, makwawa ake abuluu, misana yake yachikasu, ndipo pansi chakumanzere panali bwato ndi anthu awiri akukoka chingwe. Pa Facebook anachikonda ndi anthu ochepa kusiyana ndi choyamba chija, ndipo zinamuwawa. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinapendeketsa mutu pang'ono kumanzere. Asanamve mawu anga analanda foni. "Ndaona kale, malume. Nyanja ikutayikira ku Monkey Bay."